Ufumu wa Mulungu Ukafika Padoko

Usiku wopanda mwezi, nyanja ya ku Senga Bay imadzaza nyali. Ndi asodzi a usipa amenewo. Mmodzi amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali zake, kudikira kuti nsomba zisonkhane pansi pa kuwalako, ndipo akaona kuti zakwana amapereka chizindikiro. Anzake amaponya chilimira n'kuzungulira, kenaka onse n'kuyamba kukoka. Amatero kangapo usiku umodzi, manja atatuluka matuza, zovala zili chinyowere. Kum'mawa kukamafiira amakocheza padoko, pomwe amayi amakhala atafika kale ndi mabeseni, ndalama atazimanga pansonga ya chitenje. Usipa umayezedwa ndi chigoba, ndipo mtengo umakwera kapena kutsika malinga ndi mmene nyanja yaperekera usikuwo. Dzuwa likamakwera, wina wayanika kale pathandala, wina akufutsa mumphika, ndipo mwini zida wakhala pansi ndi anyamata ake kuwerengera. M'madoko ambiri amayamba wachotsa za mafuta a injini ndi za nyali, zotsalazo n'kuzigawa pawiri: theka lake yekha, theka linalo la gulu lonse limene lagona pamadzi.

Lamulungu anthu omwewa amakumananso kutchalitchi. Mwini zida mwina ndi mkulu wa mpingo, mayi wa beseni uja ndi wa Chigwirizano kapena wa bungwe la amayi a Chikatolika, mnyamata wokoka khoka amayimba m'kwaya. Onse amanena pamodzi Pemphero la Ambuye, momwe muli pempho loti Mulungu abweretse ufumu wake ndi kuti zofuna zake zizitsatidwa pansi pano mofanana ndi kumwamba. Mawuwa amatuluka mothamanga chifukwa aliyense anawaloweza ali mwana. Koma pempholo likanati liyankhidwe Lolemba m'mawa, n'chiyani chikanasintha padoko paja?

Ambiri akafunsidwa za ufumu wa Mulungu amaloza kumwamba. Yankho limeneli limamveka kwambiri pamaliro, ndipo si lonyozeka. Mwera ukakalipa m'miyezi ya June ndi July, pali mabanja amene amadikira bambo pamchenga masiku angapo, ndipo nthawi zina ngakhale mtembo suoneka. Nyanjayi siona nkhope: mu September 1895 inameza episkopi wa Anglican, Chauncy Maples, ali paulendo wopita ku Likoma, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Mkazi wamasiye akauzidwa kuti imfa si mapeto, kuti mwamuna wake sanatayike pamaso pa Mulungu, walandira chinthu chimene boma kapena bungwe lililonse silingamupatse. Vuto limayamba pamene ufumuwo wasanduka malo ongopitako munthu akafa, chifukwa pamenepo mtengo wa nsomba, ngongole ndi kagawidwe ka ndalama zimatsala kunja kwa nkhani za Mulungu. Chonsecho pemphero lija silipempha kuti anthu achoke pansi pano. Limapempha kuti ulamuliro wa Mulungu uwapeze pomwe ali.

Yesu anayamba kulalikira za ufumuwu m'mbali mwa nyanja. Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono, makilomita 21 m'litali ndi 13 m'lifupi, pomwe nyanja ya Malawi imapitirira makilomita 500, koma ntchito yake inali yofanana ndi ya kuno. Mutu woyamba wa Maliko umasimba kuti atangolengeza kuti ufumu wayandikira, Yesu anaitana Simoni ndi Andreya akuponya khoka, kenaka Yakobo ndi Yohane akusoka makoka m'ngalawa. Awiriwa anasiya bambo awo Zebedayo ali ndi antchito olembedwa, kusonyeza kuti kumenekonso kunali eni zida ndi aganyu. Ku Kaperenao kunali kanyumba ka msonkho, momwe Levi ankakhala. Ku Magadala, kwawo kwa Mariya wa Magadala, kunkadziwika ndi nsomba zothira mchere zogulitsa kutali. Cha m'ma 20 AD, Herode Antipa anamanga mzinda watsopano m'mbali mwa nyanjayo n'kuutcha dzina la Tiberiyo, mfumu yaikulu ya ku Roma, ndipo chuma chomangira mizinda yotere chinkachokera m'thukuta la alimi ndi asodzi.

Mu 1986 chilala chinatsitsa madzi a nyanjayo, ndipo abale awiri a ku Ginosar anapeza m'matope ngalawa ya m'nthawi ya Yesu. Kutalika kwake ndi mamita 8 ndi pang'ono, kutambalala mamita awiri ndi pang'ono. Akatswiri ataiunika anapeza kuti inapangidwa ndi mitengo ya mitundu yosachepera khumi, matabwa ena ochotsedwa ku ngalawa zakale, ndipo inkakonzedwa mobwerezabwereza mpaka eni ake anachotsako zonse zogwiritsikanso ntchito n'kuisiya. Amene anaonapo mmisiri ku Chipoka kapena ku Lifuwu akumata bwato long'aluka ndi phula ndi tizidutswa ta malata akudziwa umphawi umene ngalawa imeneyo ikufotokoza. Anthu a ngalawa zotere ndiwo anayamba kumva kuti kukubwera ufumu wina. Ufumu anali akuudziwa kale: unkawapsinja ndi msonkho, ndipo unatsekera m'ndende Yohane Mbatizi, n'kudzamudula mutu pambuyo pake. Atamva za ufumu wa Mulungu, maganizo awo sakanalephera kufika pa Herode.

Yesu ankaufotokoza ufumuwo ndi zinthu za tsiku ndi tsiku: kambewu ka mpiru, chofufumitsa chimene mayi wasakaniza mu ufa, chuma chobisika m'munda. Fanizo limene limaluma kwambiri kwa anthu a ganyu ndi la m'mutu 20 wa Mateyu. Mwini munda wa mphesa analemba antchito nthawi zosiyanasiyana, ena m'mamawa, ena dzuwa litapendeka, koma madzulo anawalipira onse ndalama ya tsiku lathunthu. Oyamba aja anadandaula, ndipo owerenga ambiri amawamvera chisoni. Komatu ndalama ya tsiku limodzi inali yongokwanira kudyetsa banja. Wolembedwa mochedwa uja, amene anakhala pamsika tsiku lonse popanda womutenga, akanalandira kachigawo kochepa, ana ake akanagona ndi njala. Mu ufumu umenewu malipiro amayamba ndi funso lakuti kodi kunyumba kwa wantchito kuphikidwa lero. Kwina Yesu akusimba za mfumu imene inakhululukira wantchito wake ngongole yosatheka kubweza, n'kukwiya itamva kuti yemweyo wakanyanga mnzake pakhosi chifukwa cha kangongole kochepa. Ndipo Yohane Mbatizi ali m'ndende atatuma anthu kukafunsa ngati Yesu ndiyedi woyembekezeredwayo, Yesu anangowalozera odwala amene achira ndi amphawi amene tsopano akuwerengeredwa.

Mchewa kapena Myao wa ku Salima sasowa pogwira akamva zimenezi. Ufumu wa Kalonga, wa Maganga, wa Pemba kapena wa Khombedza sudziwika ndi mpanda wa kulikulu. Umadziwika ndi mmene mlandu wa malire a munda waweruzidwira, ngati mlendo wapatsidwa pokhala, ngati mwana wamasiye wabwezeredwa dimba limene amalume ake analanda. Akale ankati mfumu ndi dzala, chifukwa zonyansa zonse za m'mudzi zimakatayidwa kwa iyo ndipo imazilandira. Ana a Zebedayo omwe aja atapempha mipando yaulemu, Yesu anawakumbutsa mmene olamula a dziko amapanikizira anthu awo, n'kuwauza kuti pakati pawo wamkulu azikhala wotumikira. Cholinga cha ufumu wa Mulungu pansi pano, monga Mauthenga Abwino akuchionetsera, ndi kubwezera pansi pa ulamuliro wa Mulungu zonse zimene zinapanduka: mtima wa munthu, thupi lodwala, ngongole, malipiro, ndi mpando wa wolamula.

Pali abusa amene amaopa kalankhulidwe kotere. Amati ntchito ya mpingo ndi kupulumutsa miyoyo, za mitengo ya nsomba azithana nazo a boma, ndipo amakumbutsa kuti Yesu anauza Pilato kuti ufumu wake suchokera m'dziko lino. Mantha awo ali ndi maziko, pakuti guwa likasanduka nsanja ya ndale anthu amabwerera kwawo osamva za kulapa. Koma yankho lija kwa Pilato limanena za kumene mphamvu ya ufumuwo imachokera, ndi chifukwa chake otsatira ake satenga malupanga. Silinena kuti ulibe ntchito pansi pano. Ndipo kulapa kwa m'Mauthenga Abwino kumaoneka m'thumba. Zakeyu wa ku Yeriko atalandira Yesu analonjeza theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi zimene ananyenga anthu, ndipo Yesu ananena kuti chipulumutso chalowa m'nyumbamo atamva zimenezo. Asilikali atafunsa Yohane Mbatizi chochita, anawaletsa kulanda ndalama za anthu ndi kuwanamizira milandu. M'boma limene muli sukulu ya asilikali ya MAFCO, ndime imeneyi siyenera kusowa woilalikira.

Amishoni oyamba kufika kunyanja kuno anali ndi chifukwa chooneka ndi maso chokhulupirira zimenezi. David Livingstone atayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861 anapeza akapolo akuwolotsedwa kupita kutsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa, ndipo Nkhotakota ya Jumbe inali pachimake pa malondawo. Mu 1875 Robert Laws ndi anzake a ku Scotland anafika ndi sitima ya Ilala n'kumanga ku Cape Maclear, komwe mapiri ake amaoneka kuchokera ku Senga Bay kukakhala kopanda chifunga. Malungo anawatha. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, n'kusiya manda a anzawo pamchenga. Mu November 1889 Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazika mishoni ku Mvera, m'dziko la Chiwere, pamapiri oyang'ana chigwa cha Salima. Mu 1902 ansembe a White Fathers anafika ku Mua, ndipo mu 1927 kunatsegulidwa malo osamalira odwala khate. Paphiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, William Murray ndi anzake, mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, anagwira ntchito yomasulira Baibulo, ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Kwa anthu amenewa sukulu za m'midzi, zipatala, ukalipentala ndi kuumba njerwa zinali mbali ya uthenga womwewo.

Koma ufumu wina unalowa chakumbuyo kwawo. Mu 1891 dziko lino linakhala m'manja mwa Britain, ndipo posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba ndi thangata. Kwa munthu wakumudzi kunali kovuta kusiyanitsa mzungu wa Baibulo ndi mzungu wa msonkho, pakuti onse ankanyamulidwa pamachira. Apa m'pamene anthu a kuno anayamba kudziwerengera okha nkhani ya ufumu n'kuitembenuzira kwa aphunzitsi awo. Elliot Kamwana, m'dziko la Atonga kumpoto kwa nyanja yomweyi, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa ya 1908 ndi 1909, akulalikira kuti mu 1914 Khristu adzathetsa maufumu a dziko, msonkho n'kutha. Atsamunda anamuchotsa m'dziko. John Chilembwe wa ku Mbombwe anayamba ndi sukulu ndi tchalitchi cha njerwa, koma nkhanza za m'minda ya A.L. Bruce ku Magomero ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu zinamufikitsa pa kuukira kwa pa 23 January 1915. Wina anadikira kuti Mulungu agwetse yekha ufumu woipa, wina anatola mkondo. Chaka cha 1914 chinadutsa msonkho ulipobe, ndipo Chilembwe anaphedwa kumayambiriro kwa February, tchalitchi chake n'kugumulidwa.

M'mbali mwa misewu ya ku Salima lero mumaoneka Nyumba za Ufumu za Mboni za Yehova. Iwo amaphunzitsa kuti ufumu wa Mulungu ndi boma lenileni la kumwamba limene lidzalowa m'malo mwa maboma onse, n'chifukwa chake salowa ndale. Atakana kugula makhadi a chipani cha Malawi Congress, boma la Dr Banda linawaletsa mu 1967. Mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Akhristu ambiri sagwirizana nawo pa zoti wokhulupirira azitalikirana ndi kayendetsedwe ka dziko, ndipo pali chifukwa chomveka: chofufumitsa cha m'fanizo lija chimagwira ntchito chili mkati mwa ufa. Komabe m'zaka zimene mipingo ikuluikulu inkapempherera Ngwazi popanda kufunsa za anthu osowa ndi otsekeredwa, anthu awa anasonyeza ndi matupi awo kuti pali malire a zimene wolamula angafune kwa munthu. Mipingo ina inangoonerera, ndipo ena mwa omenyawo anali obatizidwa.

Njira ina inachokera ku Mua. Patrick Kalilombe, amene anabadwira kumeneko mu 1933, atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 anaitanitsa sinodi ya dayosizi yonse, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975. Funso lake linali lakuti mpingo ndi ndani ngati wansembe amafika kumudzi kamodzi pa miyezi ingapo. Yankho linali miphakati: mabanja oyandikana azikumana okha, kuwerenga Mawu, kuzonda odwala, kusonkha za maliro, ndi kukambirana zimene zikuwasautsa. Boma linaona msanga kuti anthu ozolowera kukambirana okha ndi ovuta kuwaopseza. Linaganizira miphakatiyo kuti ndi timagulu ta ndale, ndipo Kalilombe anakakamizika kuchoka m'dziko, n'kutula pansi udindo wake mu 1979. Miphakati inatsala, ndipo ku Salima, komwe ndi gawo la arkidayosizi ya Lilongwe, ikukumanabe m'makonde ndi pansi pa mitengo ya mango. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, kutchula poyera kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mitengo yotsika ya zokolola, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, ndi kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Chifukwa cha kalatayo, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri.

Amene akuganiza kuti ufumu wa Mulungu unafika ndi referendamu akumbuke 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, njala inagwa, ndipo Salima ndi Mchinji ndi kumene kafukufuku wa Save the Children anapeza ana akunyentchera mofulumira. Boma linavomereza kuti kwagwa tsoka kumapeto kwa February, maliro atayamba kale. Zipani zambiri zinachotsa mantha, umbombo n'kutsala.

Phunziro limeneli ndi lakale mumpingo. Mzinda wa Roma utafunkhidwa mu 410, Akhristu ambiri anataya mtima chifukwa ankayesa kuti ufumu wa Roma ndi ufumu wa Mulungu zaima pamodzi. Augustine wa ku Hippo, mbadwa ya dera lomwe lero ndi Algeria, anatha zaka zoposa khumi akulemba buku lolekanitsa ziwirizi. M'zaka za m'ma 1900 akatswiri anakangananso. Albert Schweitzer mu 1906 anati Yesu ankayembekezera ufumu wa m'tsogolo wodzagwetsa dziko lino, C.H. Dodd mu 1935 anati ufumuwo unafika kale mwa Yesu mwini. Ambiri lero, Akatolika ndi a mipingo ina omwe, amagwira mbali zonse ziwiri: ufumu wayamba, koma sunakwanire. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1964 unaonjezerapo kuti mpingo ndi mbewu ndi chiyambi chabe cha ufumuwo pansi pano.

Masiku ano kwafala chiphunzitso china m'mahema a chitsitsimutso, pawailesi ndi pa WhatsApp. Akuti ana a mfumu sayenera kusauka, choncho bzala mbewu ya ndalama kwa munthu wa Mulungu ndipo udzakolola galimoto, ntchito kapena ulendo wa ku Joni. Chiphunzitsochi chili ndi pokopera. Chimakana kuti umphawi ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo mnyamata amene wasiya mowa ndi juga atalowa mpingo wotere amapezekadi ndi kandalama kumapeto kwa mwezi. Koma chimatembenuza kolowera chuma. M'mafanizo a Yesu chuma chimachoka kwa mwini munda kupita kwa waganyu, kwa mfumu kupita kwa wangongole. M'hema muja chimachoka kwa mayi wa geni kupita kwa mlaliki, ndipo mbewuyo ikapanda kumera wolakwa ndi mayiyo, akuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Uku n'kumubera kawiri, ndalama ndi mtendere womwe.

Chitsanzo chimene chiyenera kuchititsa Akhristu a ku Salima kulingalira mozama chili kunja kwa tchalitchi, pachilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi chaka ndi chaka m'nyengo ya mvula, kuyambira mu December mpaka cha mu April, ndipo asodzi onse amachokako kuti utaka uswane. Potsegula pamakhala mwambo, ndipo wopita kumeneko amadziwa malamulo ake: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, zida zowononga nsomba ayi. Wophwanya amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Lilipo lamulo lina, loletsa amayi kuponda pachilumbapo, limene n'loyenera kulifunsa, chifukwa amayi ndiwo asenza malonda a nsomba m'dziko muno. Koma zipatso za dongosololi asodzi amazidziwa, ndipo akatswiri a za nsomba, ngakhale ochokera kunja, amabwera kudzaphunzira. Pamene chambo chachepa kwambiri kum'mwera kwa nyanja ndi ku Malombe, ku Mbenje msodzi akudalirabe kuti akabwerera mu April apeza nsomba.

Dongosolo limeneli silinakhazikitsidwe ndi mishoni. Mizu yake ili m'mwambo wa makolo, m'dera limene muli Asilamu ambiri. Komabe muli zinthu zimene Baibulo limazitchula kuti ndi za ulamuliro wa Mulungu. Levitiko 25 amalamula kuti nthaka izipuma chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, chifukwa mwini wake ndi Mulungu ndipo anthu angosungitsidwa. Deuteronomo 22 amaletsa kutenga mbalame pamodzi ndi mazira kapena anapiye ake. Mkhristu amene amakhulupirira kuti Mulungu ndi mfumu ya chilengedwe chonse asadabwe kupeza zizindikiro za ufumuwo kuseri kwa mpanda wa mpingo. Chodabwitsa, ndi chochititsa manyazi, n'chakuti m'madoko ena, momwe matchalitchi athithikana, neti za udzudzu zimene chipatala chinapereka kwa amayi oyembekezera zikusokereredwa kumakoka n'kukokolola kasawala ndi tiana ta usipa. Wokoka neti yotere si chilombo. Kawirikawiri ndi munthu wosowa ndiwo za lero. Koma pali wobwereketsa netiyo, wogula nsombazo, ndi wa m'komiti ya padoko amene walandira kangachepe n'kuyang'ana kumbali, ndipo ena mwa iwo amalandira mgonero.

Limodzi mwa mafanizo otsiriza m'mutu 13 wa Mateyu ndi la khoka limene limakola nsomba za mitundu yonse, kusankha n'kudzachitika pamtunda litadzaza. Msodzi aliyense akudziwa kuti khoka likadali m'madzi sungawerenge zimene zilimo. Fanizoli limalanda mpingo ntchito imene umaikonda kwambiri, yogawa anthu kuti awa ndi a ufumu, awa ayi. Ku Salima, komwe Mkhristu ndi Msilamu amakoka chingwe chimodzi, kukwatirana ndi kuikana maliro, limeneli si phunziro laling'ono. Ndipo m'mutu 25, pamene kusankhako kukufotokozedwa, muyeso wake ndi zimene munthu anachitira wanjala, waludzu, wausiwa, wodwala, wam'ndende ndi mlendo. Olandiridwawo akudabwa, chifukwa sankadziwa kuti ankatumikira mfumu.

M'tauni ya Salima muli malo otchedwa Ndi Moyo, amene namwino Lucy Finch anatsegula mu 2007 kuti odwala khansa ndi Edzi amene sangathenso kuchira asamafe ndi ululu. Kumeneko palibe wolonjezedwa chozizwitsa. Wodwala amapatsidwa morphine, chilonda chimatsukidwa, achibale amaphunzitsidwa kumusamalira kunyumba. Ntchito yotere siithetsa imfa, ndipo apa m'pamene chiyembekezo cha pamaliro chimapeza malo ake enieni. Chikhristu chimaphunzitsa kuuka kwa thupi ndi kukonzedwanso kwa dziko. Ngati thupi lidzauka, ndiye kuti thupi limene likununkha chilonda lero ndi lamtengo wapatali kwa Mulungu. Ngati dziko lidzakonzedwanso, ndiye kuti nyanja si ya kungodya n'kutaya. Wokhulupirira zimenezi amatsuka chilonda ngakhale akudziwa kuti wodwalayo safika Khirisimasi, ndipo amakumba chimbudzi padoko ngakhale akudziwa kuti kolera, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, adzabweranso ndi mvula.

Mipingo ya m'mbali mwa nyanja ili ndi zida zochitira zambiri kuposa zimene ikuchita. Ili ndi mabwalo a akulu a mpingo amene anthu amawaopa kuposa khoti, ili ndi magulu a amayi amene amayendetsa banki m'khonde mokhulupirika, ili ndi abusa amene mawu awo amafika m'nyumba iliyonse. Koma milandu imene imafika m'mabwalowo kawirikawiri ndi ya mowa, mitala, chigololo ndi kujomba. Ya katapila simveka. Ya mnyamata amene wagona pamadzi mwezi wathunthu n'kuuzidwa kuti ndalama zonse zathera mafuta simveka. Ndipo pali nkhani imene aliyense m'madoko akuidziwa, imene a zaumoyo akhala akuitchula kwa zaka zambiri pofotokoza kufala kwa kachilombo ka HIV m'mbali mwa nyanja: nsomba zikachepa ndipo ogula akachuluka, mayi wopanda mpamba wokwanira amauzidwa kuti apeza nsomba pokhapokha akagona ndi msodzi kapena mwini boti. Gulu la amayi a mpingo limene lamubwereka mpamba kuti agule ndi ndalama zake lamuchotsa m'msampha umenewo, ndipo lachita ntchito ya ufumu tsiku limenelo. Koma pomwe palibe womubwereka, mayiyo akapezeka ndi pathupi ndiye amaitanidwa kubwalo n'kudulidwa mumpingo. Bambo amene anamuuza kuti nsomba zatha pokhapokha abwere usiku, dzina lake silifika m'buku la mlembi.